Chikho Chimodzi pa Phazi

Padangokhala, kale nyama zisadabalalike, zili ndi dziko lawo ndi malamulo awo. Pampando padali Mfumu Njati. Nduna yoyang'anira nkhokwe ya dziko idali Bambo Nguluwe. Kapitawo wa amtengatenga adali Bambo Bongololo. Ndipo kumalire, m'mudzi wa Mapeto, kudali Mayi Gologolo, a Nangozo, amene adalibe udindo wina uliwonse koma kulima munda wawo ndi kusamala mayi awo akhungu.

Dongosolo la dzikolo lidali labwino. Khomo lililonse likakolola linkapereka msonkho wa mbewu ku nkhokwe ya dziko. Dzinja likayandikira, mudzi uliwonse unkalandira mtanga umodzi wa mbewu yodzala, wa zikho zana. Midzi yapafupi ndi likulu inkabwera kudzatenga yokha. Mudzi wa Mapeto wokha, pokhala kutali, unkachita kutumiziridwa.

Tsono padali lamulo lakale, loikidwa mwachifundo, lakuti wonyamula katundu wa dziko alandire chikho chimodzi pa phazi, chotapidwa mu mtanga womwe wanyamulawo. Onse ankangoti "yaphazi." Zaka zambiri mtanga wa ku Mapeto unkanyamulidwa ndi a Mbawala awiri, munthu ndi mphwake. Mapazi asanu ndi atatu, zikho zisanu ndi zitatu. Palibe adadandaulapo.

Koma Nguluwe atalowa unduna adapita kwa mfumu.

"Mfumu yanga, tikuwononga chuma cha dziko. Amtengatenga awiri pa mtanga umodzi? Ndawachotsa onse awiri, ndaikapo mmodzi."

Njati adayang'ana mapazi ake, nawerenga: anayi. Adaganiza kuti zikho zinayi zalowa m'malo mwa zisanu ndi zitatu. Adamuyamikira Nguluwe pamaso pa bwalo lonse, nampatsa ndodo yaulemu. Kuti mmodziyo ndi yani, sadafunse.

Mmodziyo adali Bongololo.

Chaka choyamba mtanga udafika ku Mapeto mvula itagwa kale masabata atatu, muli zikho khumi. Chaka chachiwiri chimodzimodzi. Kapitawo ankabwera pang'onopang'ono, akuimba nyimbo yake yapaulendo. Idali nyimbo yotamanda mapazi, yoitana phazi lililonse kuti lidye chikho chake, ndipo pothera mzere uliwonse padali mawu awiri ovomereza amene aliyense womumva ankangopezeka akuvomera. Ana a ku Mapeto adaiphunzira, koma adasintha povomerapo: m'malo motamanda, ankafunsa kuti mapazi akadya, munda udya chiyani.

Chaka chachitatu, mvula ya chizimalupsa itangogwa, a ku Mapeto adagwirizana kuti zikho zikabweranso khumi, mudzi upasuke, aliyense akafune kwina kokhala.

"Ine ndiye mundisiya pompano," adatero mayi ake a Gologolo. "Maso ndilibe, ulendo sindingauthe."

"Palibe akusiyeni, amayi," adatero Gologolo. "Ndipita ndikaone kumene mbewu yathu imathera."

Adafika ku likulu, nalunjika ku nkhokwe.

"Odi, a Nduna."

"Lowani. Ndinu yani?"

"Ndine Nangozo wa ku Mapeto. Msonkho timapereka monga anzathu onse. Anzathu amalandira zana, ife khumi. Ndabwera kudzafunsa."

"Mayi inu, lamulo mumalidziwa?"

"Chikho chimodzi pa phazi."

"Mapazi a Kapitawo munawaona?"

"Ndinawaona, bwana."

"Ndiye mukulira chiyani? Makumi asanu ndi anayi amapita ku mapazi. Muziyamika kuti khumilo limatsala."

"Nanga bwanji osabwezerapo a Mbawala aja?"

"Awiri? Pamene mfumu inandipatsa ndodo iyi chifukwa chochepetsa antchito?" Nguluwe adagogoda ndodoyo pansi. "Komabe boma silinyoza dandaulo. Tituma wina apite akafufuze ngati ku Mapeto kulidi njala."

"Mutuma yani, bwana?"

"Kapitawo. Ndiye amadziwa njira. Yaphazi ya ulendo umenewo tidzatapa mu mtanga wanu wa chaka chino."

"Ayi, bwana, musavutike!" adatero Gologolo msangamsanga. "Dandaulo ndalibweza. Ku Mapeto kulibe njala. Tikukhuta mpaka kubuula."

"Mwaona? Nkhani zikamakambidwa bwino sizichedwa kutha."

Gologolo adatuluka, napita kuchipata cha bwalo la mfumu. Pamenepo padali mlonda, Bambo Nungu.

"Ndifuna kuonana ndi mfumu. Ndili ndi mlandu wa nkhokwe."

"Mumagwira ntchito m'nkhokwe?"

"Ayi, ndimangoidzaza."

"Ndiye pepani, mayi. Mlandu wa nkhokwe umalowa m'bwalo ndi wa m'nkhokwe. Si ine ndinaika zimenezo, ine ndimangoimirira pano."

Ulendo woyamba udathera pomwepo.

Gologolo adakhala pansi, nayamba kuganiza. Ngati chotidya ndi mapazi, adatero mumtima, tipeze wonyamula wopanda phazi. Adapita kwa Bambo Nsato, amene adali wamphamvu ndi wofulumira, koma ntchito ya boma sadaigwirepo.

"Achimwene, mtanga wa zikho zana mungaunyamule?"

"Ngakhale iwiri."

"Mpaka ku Mapeto?"

"Masiku awiri ndafika."

"Tiyeni kwa a Nduna."

Nguluwe adawamvetsera akumwetulira.

"Nzeru yabwino, mayi. Bambo Nsato, takuonetsani mapazi anu tiwerenge."

"Ndilibe."

"Ndiye yaphazi yanu ndi yosavuta. Palibe phazi, palibe chikho. Komanso lamulo likamati pa phazi, ndiye kuti katundu wa dziko amayenda pa phazi. Inu mumayenda pa chiyani?"

Nsato adatembenukira kwa Gologolo.

"Kodi achemwali, munandiitanira zimenezi? Mumafuna ine chifukwa ndine waulere? Mimba yanga yokhulika pa miyala masiku awiri si kanthu? Inunso ndinu chimodzimodzi ndi awa. Iwo amalipira mapazi osaona ntchito, inu mukufuna ntchito osalipira konse."

Gologolo adachita manyazi, pakuti Nsato adanena zoona.

"Ndalakwa, achimwene. Musapite kutali, ndidzakufunaninso."

"Mudzandifune muli ndi chikho m'manja," adatero Nsato, nachoka.

Ulendo wachiwiri udathera pomwepo. Chakum'mawa mabingu adali atayamba kugunda.

Gologolo adazungulira kuseri kwa nkhokwe, napeza Kapitawo Bongololo akudzola mafuta a nsatsi kumapazi, kukonzekera ulendo wa ku Mapeto. Adali kung'ung'udza nyimbo yake ija. Gologolo adavomera povomerapo, osati mwa ana a kwawo, koma mwa mwini wake.

"Ha! Mumaidziwa?" adakondwa Bongololo.

"Kwathu ngakhale makanda amaiimba, a Kapitawo. Mwaswera bwanji?"

"Taswera, koma ntchito, mayi. Anthu amangoti Kapitawo amadya bwino. Sadziwa kuti mapazi makumi atatu onsewa amafuna mafuta."

Gologolo adaimika makutu.

"Makumi atatu?"

"Makumi atatu, zikho makumi atatu. Osaonjeza, osachotsa. Ine ndine munthu wa lamulo."

"Anakuwerengerani ndani mapaziwo?"

"A Nduna eni ake. Ine ndikati ndiwerenge ndekha, ndikangopinda khosi, akumbuyo amasuntha, ndiye ndimasokoneza."

Gologolo adawerenga mumtima. Ku Mapeto kumafika khumi. Kapitawo amalandira makumi atatu. Nanga makumi asanu ndi limodzi amayenda pa mapazi a yani?

"A Kapitawo, tayendani pang'ono ndione. Amati palibe woyenda mokongola ngati inu."

Bongololo sadafune kupemphedwa kawiri. Adayamba kuyenda, mapazi akuyenderera ngati mafunde, iye akuimba. Gologolo adatsata pambali pake, akuwerenga mokweza motsatira nyimboyo. Atafika pa makumi atatu adaleka kuwerenga.

"Mwalekeranji? Mwafika kumchira?"

"Ndili pakhosi, bambo."

"Pakhosi?"

"Pakhosi penipeni. Pamsana sindinayambe."

Bongololo adaima. Mapazi akutsogolo adaima msanga, akumbuyo adapitiriza, mpaka thupi lidapanga linunda pakati.

"Ndiye kuti zaka ziwiri zonsezi..."

"Ine sindinanene kanthu, a Kapitawo. Ine ndine mlimi chabe, m'bwalo sindingalowe. Koma inu ndinu wa m'nkhokwe."

"Ndikasuma! Lero lomwe! Ndipo inu mukhala mboni yanga."

"Ngati mwalamula, ndikana bwanji?"

Pachipata Nungu adamuyang'ana Gologolo.

"Inu si aja a dzana?"

"Lero ndine mboni, bambo."

Nungu adapatuka, akubisa kumwetulira.

Bwalo lidadzaza. Mfumu Njati idakhala pampando, Nguluwe kudzanja lake lamanja ndi ndodo yake yaulemu.

"Wasuma ndani?"

"Ndine, mfumu yanga," adatero Bongololo. "Kapitawo wa amtengatenga."

Njati adawerama kuti aone bwino amene akuyankhula. Adayang'ana kumutu, nayendetsa maso mpaka kumchira, ndipo kuyendetsako kudatenga nthawi.

"Mtengatenga wathu mmodzi uja ndi inu?"

"Ndine ndemwe, mfumu yanga. A Nduna amandipatsa zikho makumi atatu, pomwe mapazi anga..."

"Makumi atatu a chiyani? Si zinayi?"



"A Nduna," idatero mfumu, "mapazi a Kapitawo ndi angati?"

Nguluwe adaona kuti wapanikizika. Akanati makumi atatu, mboni ya ku Mapeto idali pomwepo, yomwe iye mwini adaiuza kuti makumi asanu ndi anayi amapita ku mapazi. Akanati makumi asanu ndi anayi, Kapitawo adali pomwepo ndi makumi atatu ake.

"Mfumu yanga, nkhani ya mapazi ndi yovuta. Imafuna nthawi. Tingasankhe akuluakulu angapo akhale pansi..."

"Mboni ili ndi mawu?" idadula mfumu.

Gologolo adagwada, naomba m'manja.

"Ndili nawo ochepa, mfumu yanga. Ine sindidziwa amene akunena zoona. Koma mtanga wa ku Mapeto uli pafupi pompa, wodzaza, sunanyamuke. Aubweretse. Phazi lililonse likawerengedwa, chikho chitapidwe, monga lamulo linenera. A Kapitawo alandire zawo zonse pamaso pa bwalo."

"Eya! Zomwezo!" adafuula Bongololo.

Mtanga udabwera. Mfumu idalamula Nungu kuti awerenge, akukhudza phazi lililonse ndi munga wake. Atangokhudza loyamba, Bongololo adadzipinda ngati nkhata, mapazi onse mkati.

"Tambasukani, a Kapitawo, mlandu ndi wanu."

"Zikundigirigisha, mfumu yanga."

Mpaka lero mukamukhudza bongololo amadzipinda. Zidayambira tsiku limenelo.

Kuti atambasuke, Gologolo adayambitsa nyimbo ija. Kapitawo atamva nyimbo yake adawongoka, ndipo kuwerenga kudayamba. Nungu akakhudza phazi, chikho chinkatapidwa, bwalo nkuvomera. Adadutsa makumi atatu. Adadutsa makumi asanu ndi limodzi. Pofika makumi asanu ndi atatu ovomera adayamba kuchepa, chifukwa chikho chidali chitayamba kukhula pansi pa mtanga. Pamenepo Gologolo adasintha povomerapo, naimba mwa ana a kwawo, kufunsa kuti mapazi akadya, munda udya chiyani. Adaimba yekha, ndi mawu apansi, koma bwalo lonse lidamva.

"Zana," adatero Nungu. "Mtanga watha."

"Mapazi atha?" idafunsa mfumu.

"Atsala ambiri, mfumu yanga."

"Ndiye bweretsani mtanga wina," adatero Bongololo.

Ena adaseka, koma mfumu sidaseke. Idayang'ana mulu wa mbewu uli pambali pa Kapitawo, niyang'ananso mtanga wopanda kanthu.

"Nangozo, lamulo likatsatidwa bwinobwino chonchi, a ku Mapeto adzala chiyani?"

"Mtangawo, mfumu yanga. Mwina umera."

Njati adatembenukira kwa Nguluwe.

"Kwa ine munati mmodzi. Kwa Kapitawo munati makumi atatu. Kwa a ku Mapeto munati makumi asanu ndi anayi. Makumi asanu ndi limodzi a chaka ndi chaka ali kuti?"

"Anankafumbwe, mfumu yanga. Zaka zino achuluka."

"Bambo Nungu, pitani kunyumba kwa a Nduna mukaone anankafumbwewo."

Nungu adapita, nabwera akukoka mtanga wosefukira, wophimbidwa ndi mkeka. Mbewu yake idali yosafumbwa ngakhale imodzi.

Nthawi yomweyo bingu lidagunda pafupi, ndipo mphepo yonunkhira mvula idadutsa m'bwalo. Gologolo adaimirira osapempha.

"Mfumu yanga, khululukani. Chigamulo chingathe kudikira mpaka madzulo. Kwathu ikagwa mvula iyi tilibe mbewu, mudzi upasuka, ndipo ndili ndi mayi akhungu."

Mfumu idamuyang'ana mwaukali chifukwa choyankhula osaloledwa, koma idati:

"Bwezerani zikho zana mu mtanga. Werengani mokweza. Wofulumira ndani pano?"

"Nsato, mfumu yanga," adatero Gologolo. "Ndi wofulumira. Koma alibe phazi, ndipo sapita waulere."

"Sapita waulere. Muitaneni."

Nsato sadali kutali. Adali atamvetsera zonse ali kuseri kwa mpanda. Mtanga udamangidwa pakamwa, nuikidwa pamsana pake.

"Achemwali, chikho chija?" adatero podutsa pa Gologolo.

"Chili m'manja mwa mfumu, achimwene."

"Zikatero ndiye ulendo."

Gologolo adamuyang'ana mpaka mchira utazimiririka pachipata. Pamenepo adakhala pansi. Adapuma mpweya wautali. Mayi ake sadzasiyidwa okha m'bwinja.

Tsono mfumu idaimirira, niyamba kuyankhula.

"Woyamba kulakwa ndine. Ndinawerenga mitu pamene lamulo limalipira mapazi, ndipo ndinapereka ndodo yaulemu osafunsa. Dziko limayenda ndi dongosolo, koma dongosolo limene wolisunga salipenya limasanduka khomo la akuba. Imvani chigamulo.

"Kuyambira lero yaphazi ndi ya ulendo, si ya mapazi. Wa mapazi anayi, wa mapazi zana, wopanda phazi, aliyense alandire zikho zinayi pa ulendo. Zikhozo zichokere mu nkhokwe ya tonse, osati mu mtanga wa mudzi, pakuti kukhala kutali si mlandu. Wonyamula alandire akabwerako, mudzi utavomereza kuti zafika zana. A Mbawala abwerere pa ntchito, azisinthana ndi Bambo Nsato.

"Mtanga wa mudzi wakutali uziyamba kunyamuka, apafupi azitenga pambuyo. Ndipo aliyense wopereka msonkho ali ndi khomo m'bwalo lino pa nkhani ya nkhokwe. Wodzaza nkhokwe ndi wa m'nkhokwe.

"Bambo Nguluwe, siyani ndodoyo pansi. Unduna watha. Mtanga munabisawu muusenze nokha mpaka ku Mapeto, pa mapazi anu anayi, opanda yaphazi.

"Bambo Bongololo, simunabe. Koma munkafika mbewu za ena zitamera, mukuimba, ndipo simunafunsepo chifukwa chake mtanga unkapepuka chotero. Ulendo si ntchito yanu. Pitani kuminda muzikatembenuza masamba owola kuti nthaka inone. Kumeneko kuchuluka kwa mapazi kuli ndi phindu, ndipo chakudya chanu chili pomwepo.

"Nangozo."

"Wawa, mfumu yanga."

"Mwalowa m'bwalo langa pa njira yokhota. Mwautsa wantchito wa boma kuti asumire mkulu wake, inu mukuti ndinu mboni chabe. Kuti khomo linali lotseka ndi zoona, ndipo ndalitsegula. Koma kuchenjera kotere kukangopita kopanda chilango, mawa aliyense adzayamba kukhota. Chilango chanu ndi ichi: chaka chilichonse muzibwera kuno, muziimirira pakhomo la nkhokwe, muziwerenga mokweza zikho za mtanga uliwonse wa mudzi uliwonse, mpaka womaliza."

Gologolo adaweramitsa mutu kwambiri, kuti mfumu isaone nkhope yake.

"Chilango chalemera, mfumu yanga, koma ndachilandira."

Kumbuyo kwa bwalo wina adayambitsanso nyimbo ija, ndipo nthawi ino povomerapo padasinthanso: funso la ana a ku Mapeto lidapeza yankho lake, lakuti munda ndiwo uyambe kudya. Mfumu idailola kuti izungulire kamodzi, kenaka idakweza phazi, onse nakhala chete, kuti aliyense wokhudzidwa ayankhe chigamulo monga mwa mwambo.

A Mbawala adavomera. Nungu adavomera, nati chipata chimupepukira. Nsato adali panjira, koma kunyamuka kwake kudawerengedwa ngati kuvomera. Bongololo adayamba wafunsa ngati kumindako amaloledwa kuimba, ndipo atauzidwa kuti inde, adavomera. Nguluwe adangoyang'ana ndodo ija ili pansi. Mfumu idamufunsa kachiwiri. Madontho oyamba a mvula atayamba kugwa pa mkeka wophimba mtanga uja, adawerama, nausenza, nati:

"Ndavomera, mfumu yanga."